Kodi foni ingaphunzitse mwana wosaona kudziwa mbali ndi mtunda?

MphunzitsiWaStd6: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwana wosaona amaloweza bwino njira ya kusukulu, koma akangotembenuka pang'ono basi wasokonezeka. Pali pulogalamu ya pafoni yomuthandiza kudziwa kuti chinthu chili mbali iti, patali bwanji? Foni ndi ya Android.

NdodoYoyera: Aphunzitsi, yatsani kaye TalkBack ku Settings, pa Accessibility, kuti foni izilankhula. Kenako ikani Lazarillo. Ndi yaulere, imatchula malo oyandikira, ndipo mutha kusungamo malo anuanu. Koma musangomupatsa kuti azitsatira mawu, sangaphunzire kanthu. Sungani malo atatu pabwalo: geti, mjigo ndi chimbudzi, otalikirana mamita osachepera 30. Mwana aime pakati, aloze ndi dzanja kumene akuganiza kuti kuli mjigo, kenako foni itsimikize. Mutembenuzeni ayang'ane kumanja, alozenso. Muphunzitseni kutchula mbali ngati wotchi: 12 koloko kutsogolo, 3 kumanja, 6 kumbuyo, 9 kumanzere. Awerengenso mapazi kuchoka pageti kukafika pamjigo. Mphindi 15 patsiku zakwana, kupitirira apo mwana amatopa.

Katswiri_wa_Mafoni: Chenjezo langa ndi GPS, njira ya masetilaiti imene Lazarillo imadziwira pomwe foni ili. Pabwalo poyera imaphonya ndi mamita pafupifupi 5, ndipo pafupi ndi makoma kapena pansi pa mitengo imaphonya kwambiri. Foni ikati "mwafika", chitseko chenichenicho achipeze ndi ndodo. Dzenje ndi ngalande GPS siziona. Kampasi ya foni nayo imasokonezeka pafupi ndi zitsulo; ikayamba kunama, zunguzani foni m'mwamba ngati mukulemba 8. Asatseke makutu onse ndi mahedifoni, chonde. Phokoso la ndodo likagunda khoma n'kubwerera ndi limene limamuuza kukula kwa malo, ndipo njinga yakabaza amaidziwa ndi khutu.

NdodoYoyera: Zoona. Ngati ndalama zilipo, mahedifoni okhala pafupa la kutsogolo kwa khutu ndi abwino, makutu amakhala otsegula.

AnaMaphunziro: M'kalasi GPS iiwaleni. Mmenemo gwiritsani Lookout ya Google kapena Seeing AI, imene inafika pa Android mu 2023. Onsewa ndi mapulogalamu otchula zimene kamera ya foni ikuona. Mangirirani foni pachifuwa, kamera iyang'ane kutsogolo. Ikatchula mpando, mwana anene mapazi angati, apite akaugwire. Mtunda weniweni musaudalire pamenepa: kuyeza bwino kumafuna LiDAR (kachipangizo koyeza mtunda ndi kuwala), yomwe ili pa iPhone za Pro kuyambira 12 Pro. M'chipinda chamdima kamera imalakwitsa, tsegulani mawindo.