Madala akufuna kukakhalitsa ku Pretoria koma penshoni yaperewera

Wa ku Mbare:
Anzanga thandizeni, mutu waima. Ndili ndi kasitomala amene ndikumuthandiza za visa ya ku South Africa, madala a zaka 68, anapuma ntchito ya njanji. Anabadwira konkuno ku Zimbabwe koma amayendera pasipoti ya Malawi. Akufuna kukakhalitsa kwa mwana wawo wamkazi ku Pretoria, miyendo yayamba kuvuta. Retired person's visa, ya anthu opuma ntchito, ikufuna munthu azipeza R37,000 pamwezi. Penshoni yawo kuphatikiza lendi ya nyumba ya ku Mufakose sizikuyandikira n'komwe. Relative's visa, yoitanidwa ndi wachibale, bwanji? Mwanayo ali pa ZEP, chilolezo chapadera choti a ku Zimbabwe azikhala ku South Africa kwa kanthawi. Dipoziti ndinalandira kale, ndiye foni yake m'mawa ndi madzulo.

Achemwali a ku Highfield:
Ya relative iwalani achimwene. Woitana ayenera kukhala nzika kapena wa permanent residence, wa ZEP sangaitane munthu. Dipozitiyo musadye.

Abambo a pa Roadport:
Atenge pasipoti ya Zimbabwe basi. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 amati wobadwira kuno kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika, bola anali kukhala konkuno. Ya Malawi amapatsidwa masiku 30, ya kuno mpaka 90.

Wa ku Mbare:
Abambo, munthu akufuna zaka, inu mukunena masiku.

Mayi a ku Kuwadzana:
Chonde musawauze kuti akangolowa ngati mlendo akasinthira komweko. Visitor's sasinthira mkati, fomu imaperekedwa kuno. Ine ndinali ndi amayi ena, anapita kukalera mdzukulu, anapitiriza ndi masiku 40. Pobwera pa Beitbridge anawadinda undesirable, osalowanso ku South Africa zaka 5. Kupitirira masiku 30 chilango chake n'chimenecho, kuchepera apo ndi chaka chimodzi. Mwamuna wa mwana wawo atamwalira analirira pa foni, maliro osawaona. Mpaka lero tikakumana kutchalitchi amayang'ana kumbali, ngati ndinawadinda ndine.

Abambo a pa Roadport:
N'chifukwa chake ndikuti ya kuno. Masiku 90 munthu amapuma bwinobwino.

Achemwali a ku Highfield:
Amayi akunenedwawo anali ndi pasipoti iti, Abambo? China: mwanayo akati aziponya ndalama mu akaunti ya bambo ake kuti sitetimenti inenepe, kanani. Opereka visa amafuna aone kumene ndalamayo ikuchokera, penshoni, annuity kapena katundu wobweretsa ndalama mwezi ndi mwezi. Zikadziwika, lopsa ndi dzina lanu.

Mnyamata wa ku Epworth:
Ndipo musathamangire police clearance (kalata ya apolisi yoti alibe mlandu) ndalama zisanalongosoke, ikapitirira miyezi 6 yafa. Ekisileyi ya pachifuwa anaichotsa mu 2023 koma ena mukutumizabe anthu kukajambulitsa.

Abambo a pa Roadport:
Ndinayamba ntchito iyi ena muli kusukulu. Pasipoti ya kuno.

Mayi a ku Kuwadzana:
Mwayamba mwaona chitupa chawo? Ambiri a msinkhu umenewo chidakalembedwa alien, kuti si nzika, ndiye ayambe akonza chimenecho. Nanga maina! Pa chikalata chobadwira Piri, pa pasipoti Phiri, kalaliki wa pafamu analemba mmene anamvera. Wanga wina tinatha naye chaka chathunthu pa chilembo chimodzi.

Mnyamata wa ku Epworth:
Wanga anali Mbewe, pena Mbeve.