Timapini ta lamba wa wotchi ya malume: ndigule totani?

Mphwake wa Malume:

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Malume anga atatisiya chaka chatha, wotchi yawo inagwera ine. Ndi Rolex Submariner 16610, ya lamba wachitsulo, anaigula kwa munthu ali pantchito ku Johannesburg. Mwezi wathawu kapini kamodzi kogwira lamba, kaja amati spring bar, kanapindika. Ndinapita kwa mnyamata wina wokonza mawotchi pakhonde la sitolo m'tauni. Anayeza ndi rula, nkunena kuti "20", nkutola kapini m'botolo lodzaza timapini tosakanikirana, nkuika. Sizinathe ndi mphindi ziwiri zomwe.

Loweruka ndikutsika minibasi, lamba anakodwa pachitseko, wotchi ija thi! pansi. Mwayi wake inagwera pathumba la ufa la mayi wina, osati pakonkire. Mtima unachita kufika pakhosi. Kapini katsopano kaja sikanathyoke, kanangovuka. Nanga poti muyeso unali wolondola, chalakwika nchiyani? Ndisanaitanitse tina pa intaneti, ndiyang'ane chiyani?

Gogo Mawotchi:

Mwanawe, pepa ndi maliro a malume. Mnyamatayo sananame, pakati pa nyanga ziwiri za wotchi imeneyo, pamene pamalowa lamba, pali mamilimita 20 ndithu. Koma kapini kali ndi miyeso itatu, iye anakuyezera umodzi wokha.

Wachiwiri ndi kunenepa kwa thupi lake. Tambiri ta m'mabotolo timakhala 1.5 mm, tina 1.8 mm. Wotchi yakoyo imafuna ta 2.0 mm, chifukwa njira ya m'chitsulo chakumapeto kwa lamba anaiboola motero. Ukalowetsamo koonda, lamba amagwedera, ndipo kugwederako nkumene kumapinda kapini pang'onopang'ono.

Wachitatu, umene anthu amaiwala, ndi nsonga zolowa m'mabowo. Tembenuza wotchiyo uyang'ane m'mbali mwa nyanga zake. Kodi mabowo akuonekera kunja? Ma 16610 akale onse anali obooledwa mpaka kunja, anasiya kutero cha m'ma 2003. Ngati yako ili ndi mabowo otere, nsonga zake zikhale za 1.2 mm, zazitali, zodzaza bowo lonse. Tam'botolo timakhala ndi nsonga za 0.8 mm, zazifupi. Taganiza chala cha mwana mumphete ya bambo wake. Kukoka kamodzi kokha cham'mbali, chatuluka. Ndipo chondiwawa ine si kugwa kokha ayi. Nsonga yaing'ono ikamasewera m'bowo lalikulu zaka ndi zaka, imalidya bowolo mpaka likhale ngati dzira. Kapini ndi ka ndalama zochepa, koma bowo la chikombole cha wotchi likakula, kukonza kwake ndi kowotcherera, ndipo mtengo wa wotchi umatsika.

Pochotsa, pa wotchi yobooledwa sufunika kupanikiza chitsulo pakati pa lamba ndi nyanga. Umangokankha nsonga kuchokera kunja ndi kachitsulo kosongoka. Ine ndinagwiritsa ntchito Bergeon 6767 zaka zambiri. Singano yosokera iyayi, imaterereka nkukanda. Mata kaye selotepi panyanga, ndipo ugwirire ntchito pathebulo poyala thaulo, chifukwa kapini kakadumpha ukakafuna pansi pa bedi mpaka madzulo.

Mlongo wa ku Leeds:

Achimwene, zimene anena agogozi nzoona, koma ndionjezerepo chenjezo chifukwa ine ndinapsa nazo. Timapini ta mawotchi obooledwa tilibe timapewa togwirapo pochotsa. Ndinagula totere nkuika pa Tudor Black Bay 58 ya amuna anga, imene ilibe mabowo akunja. Tinalowa bwinobwino, tswa! Tsiku lofuna kusintha lamba ndiye kunali kulira, panalibe pokola chitsulo. Wokonza anachita kudula kapini. Choncho musanaitanitse, onetsetsani kaye kuti yanu ndi yamabowo kapena ayi, musangodalira nambala 16610 yokhayo, chifukwa mitundu yonse iwiri ilipo pa nambala imodziyo.

China, musinthe tonse tiwiri nthawi imodzi. Kamene katsalako kamwa thukuta la malume zaka zingati? Sipuling'i yam'kati imachita dzimbiri osaoneka kunja. Mukakafinya ndi zala nkumva kuti sikakubwerera ndi mphamvu, kapena kakukhukhuluza, katayeni.

Wa Seiko:

Aise, ine ndilankhula zosiyana pang'ono. Wotchi yotere mumakwera nayo minibasi? Hahaha. Komabe ngati mwatsimikiza kuivala tsiku ndi tsiku, sungani lamba wachitsuloyo m'kabati, muike lamba wansalu wa NATO. Amadutsa pansi pa wotchi nkukola timapini tonse tiwiri, ndiye kamodzi kakavuka wotchi imalendewera pa kenako, siigwa. Asilikali a ku Britain anayamba kuvala lamba wotere mu 1973. Yanga ndi Seiko SKX007, ya lamba wa 22 mm, timapini take ndi tonenepa 2.5 mm, ndipo ndimasambira nayo ku Senga Bay popanda nkhawa.

Gogo Mawotchi:

NATO ndi wabwino, sindikukana. Koma asamuike pa timapini toondato poganiza kuti wathana nazo. Nsalu imakoka ndi kupotoza kapini kuposa lamba wachitsulo, ndipo totere ta timapewa nthawi zina ulusi umakola phewa nkukatsegula. Ayambe wapeza timapini toyenera, za lamba pambuyo.

Mphwake wa Malume:

Zikomo agogo, zikomo alongo. Ndayang'ana, mabowo akuonekera kunja mbali zonse zinayi. Ndabwereka chopimira cha digito kwa mnzanga wa pagalaja: kapini kakale ka malume kali 2.0 mm, ka mnyamata uja 1.5 mm, ndipo nsonga yake ikuchita kuvina m'bowo. Ndaitanitsa tinayi ta 20 ndi 2.0 ndi 1.2, tiwiri tikhale tosunga. Msuweni wanga akubwera nato kuchokera ku Joni mwezi wamawa. Pakadali pano wotchi ili mu sokosi m'sutikesi. A Seiko, za minibasi tikambirana mukandigulira galimoto.