Ndithandizeni pa tisheti ya AC/DC yomwe ndagula pakaunjika

Abale anga okonda rock, ndithandizeni nzeru. Loweruka lapitali ndinapeza tisheti yakuda ya AC/DC pakaunjika, kumsana kwake kuli mayina a mizinda ndi chaka cha 1980. Gululi ndimalikonda kuyambira ndili mwana, malume anga ankaliza kaseti ya Back in Black mpaka tepi inaduka. Malcolm ndi Angus Young analiyambitsa ku Sydney mu 1973, ndipo chimbale cha Back in Black chinatuluka mu 1980, woimba wa gululi Bon Scott atangomwalira kumene, Brian Johnson atalowa m'malo mwake. N'chifukwa chake chaka chimenechi chimandikhudza mtima.

Chizindikiro cha gululi cha zilembo zosongoka zija, chokhala ndi mphezi pakati, anachijambula Gerard Huerta mu 1977, ndiye kupezeka kwake pamenepa sikukundidabwitsa. Chomwe chikundikayikitsa ndi nsaluyo, ikadali yolimba kwambiri, ndipo kalebulo ka pakhosi anakadula. Ndingadziwe bwanji ngati ndi yakaledi kapena angoisindikiza posachedwa? Mnzanga akuti ndiyang'ane m'mphepete mwa manja, ngati muli msoko umodzi kapena iwiri. Kodi zimenezi n'zodalirika?

Komanso ndiziichapa bwanji kuti utoto wa zilembozo usakanganuke? Kugulitsa ayi, ndikufuna ndizivala ndekha.