Mchimwene wanga wapsa ndi mafuta kuntchito, abwana akuti tisayine pepala atipatse K150,000

Nachisale_wakuNdirande:
Abale ndithandizeni nzeru mutu waima. Mchimwene wanga amagwira ntchito yokazinga tchipisi ndi nkhuku pa lesitilanti ina mtauni muno, sabata ziwiri zapitazo chiwaya chinapendekeka chifukwa mwendo umodzi wa mbaula unali othyoka kalekale amangochirikiza ndi njerwa, mafuta onse anamukhuthukira pa dzanja lamanja mpaka mchigongono ndi pantchafu. Anzake anamupaka Colgate ndi dzira laliwisi kenako kumuthamangitsira kuchipatala, pano adakali mu wodi ndipo adokotala akukamba zodula khungu pena kukamata padzanjapo. Abwana ake anabwera kamodzi ndi Sobo ndi buledi, dzulo atumiza munthu ndi pepala kuti tisayine atipatse K150,000 nkhani ithere pompo, akuti iye ndi waganyu alibe kontilakiti. Wagwirapo zaka zitatu! Ndalamayo tikuifuna zoona, transport yopita kuchipatala daily yatimaliza, koma mtima ukukana. Tisayine?

Nesi_Opuma:
Pepani mwanawe. Ndiyambe ndi za Colgate zo chifukwa ndinatopa nazo zaka zonse ndili pantchito, anthu kubwera atapaka mazira, mafuta ophikira, ena mpaka ndowe, ife nkuyamba kupala zonsezo wodwala akukuwa ndipo ndi zomwe zimalowetsa majeremusi. Munthu akapsa mankhwala oyamba ndi madzi ozizira wamba oyenderera kwa mphindi 20, osati ayisi, kuvula mphete ndi wotchi dzanja lisanatupe, matuza osaphulitsa, kuphimba ndi chitenje choyera basi mwanyamuka. Koma zapita izo.

Zoti amata khungu musaope, amasenda kakhungu kopyapyala nthawi zambiri pantchafu yabwinoyo, pamene asendapo pamapola pokha. Akanena zimenezo ndiye kuti bala ndi lakuya, ndipo bala lakuya kwambiri mwina silipweteka nkomwe poti mitsempha yapsa, anthu amanamizika pamenepo kuti zilibwino. Ku Queens ndi ku KCH (Kamuzu Central ku Lilongwe) kuli ma wodi a anthu opsa, amazichita zimenezi.

Chomwe ine ndikuopa ndi zala. Chilonda chamoto chikamapola chimakoka khungu, zala kupindika osatambasukanso, chigongono chimodzimodzi. Ndiye a fizo, aja ochititsa odwala masewera olimbitsa ziwalo, akamati tambasula, finya, iye akulira, inu musamumvere chisoni mpaka kumuuza kuti apume, muzimukakamiza ndithu ndipo sipulinti, chija chomangira dzanja kuti lisapindike, akamuveka asamavule usiku. Dziralo mupatseni adye, nyemba, usipa, chiponde, phala la soya, thupi likamamanga khungu limafuna chakudya heavy.

Kabaza_Boy:
Sisi landirani ndalamayo, za kukhothi ku Malawi kuno muzafika 2030 mukungoyenda, mabwanawa amadziwana ndi aliyense

Mlembi_waUnion:
A Kabaza ayi, musawasocheretse. Mayi musasayine chilichonse panopa. Sinkhani yakukhothi poyamba iyi, ndi ya ku ofesi ya leba ya boma lanu. Pali lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000, munthu akavulala ali pantchito olemba ntchito ndiye amalipira chipukuta misozi komanso zolipira kuchipatala, ndipo simufunika kuonetsa kuti abwanawo analakwitsa, bola anavulalira pantchito. Zoti alibe kontilakiti zisakuopsezeni, pangano lapakamwa ndi pangano ndithu, zaka zitatu akukazinga tchipisi zomwe bizinesiyo imadyera ndiye ganyu wanji ameneyo?

Mawerengedwe ake ali chonchi, munthu akalumala moti sangagwirenso ntchito mpang'ono pomwe amapatsidwa malipiro a miyezi 54, akamwalira abale amalandira a miyezi 42, akalumala pang'ono dokotala amalemba peresenti yake ndiye amatenga peresenti imeneyo pa miyezi 54 ija. Tingoyerekeza amalandira K120,000 pamwezi, kuchulukitsa ka 54 ndi K6,480,000, dokotala atalemba 20 peresenti ndi K1,296,000. Mwaona chifukwa chake pepala labwera changu munthu asanatuluke nkomwe mu wodi? Peresentiyo siingadziwike pano, imadikira bala lipole aone zala zikugwira bwanji.

Mawa lomwe pitani ku leba mukanene za ngoziyi, musadikire abwana kuti akanene okha ngakhale ndi udindo wawo, zinthuzi zili ndi nthawi yake mukachedwa zimavuta. Sungani buku lake lakuchipatala, malisiti a mankhwala, mameseji a Airtel Money kapena Mpamba ngati amalandilira pafoni, jambulani mabala sabata iliyonse, ndipo ngati pali mnzake wachifundo ajambule mbaula ija ndi njerwa zake asanakonze. Pepala lijanso lijambuleni.

MwanaWaLoya_BT:
Kuwonjezera apo, nkhani ya mbaula yothyoka ija ndi yaikulu. Ngati abwana amadziwa nkusiya dala, kumeneko ndi kusasamala ndipo mutha kuwasumira kukhothi, komwe amawerengeranso ululu omwe wamva ndi zipsera zomwe akhale nazo moyo wonse, za ku leba zija siziona zimenezo. Milandu yovulala chonchi malire ake ndi zaka zitatu. Musanasankhe njira kaonaneni ndi loya chifukwa bala limodzi salipira kawiri, ngati ndalama mulibe pitani ku Legal Aid Bureau, ali ndi ofesi ku Blantyre komweko. Ndipo samalani ndi ma dobadoba omwe amazungulira mma wodi kuti tikupezerani loya, ena amadya ndalama mwini bala osaona olo tambala.

Nachisale_wakuNdirande:
Zikomo nonse, ndawayankha kuti sitisayina mpaka atuluke. Munthu uja wayimbanso akuti akweza ifike K250,000 kkkk. Mnzake wina wanditumizira chithunzi cha mbaula, njerwa zikuoneka bwinobwino. Anesi, fizo ija akumayamba ngakhale asanapite ku thiyeta kapena adikire kaye? Lachinayi ndi pomwe akulowa.