Ogula akufuna LoA pa makirediti a mbaula, ERPA sinanene zimenezo

Wambaula

Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ogula athu a ku Ulaya atumiza imelo Lachisanu madzulo kuti makirediti a kaboni a projekiti yathu ya mbaula (kirediti imodzi ndi tani imodzi ya mpweya woipa womwe tachepetsa) a monitoring period yangothayi sawalandira popanda LoA, kalata ya chilolezo cha boma, yokhala ndi corresponding adjustment, kutanthauza kuti boma silidzawerenga matani amenewo ngati ake. ERPA, pangano lathu logulitsirana makirediti, tinasainirana kalekale, mulibe liwu ndi limodzi lomwe la Article 6, gawo la Pangano la ku Paris lonena za malonda a kaboni pakati pa maiko. Pano abwera ndi addendum, chikalata chowonjezera pa panganolo, akuti tisaine sabata ino. Mkatimo akuti kalatayo tikapeze ndife, zolipira zonse za kalatayo ndi zathu, ikachedwa iwo ali ndi ufulu wochoka, koma mtengo pa tani ndi womwe uja wakale. Odita tamulipira kale, verification yatha, tikungodikira issuance, kuti a Gold Standard, bungwe lomwe tinalembetsako projekiti, atulutse makirediti. Magulu a amayi oumba chitetezo mbaula akundiimbira tsiku ndi tsiku, ena anawotcha mbaula ndi nkhuni zangongole. Kodi zomwe maiko anagwirizana pa msonkhano wa za nyengo ku Baku zija zikutikakamiza tonse kukhala ndi LoA, kapena ogulawa akungotipanikiza? Alipo anasainapo chinthu chotere? Ndisaine kapena ndikane?

Anambewe

Achimwene musasaine sabata ino, olo akuimbireni usiku ndi usana. Ku Baku pa COP29, mu Novembala 2024, anamaliza malamulo a ndime 6.2 ndi 6.4 za Article 6, koma sananene kuti kirediti iliyonse ya pa voluntary market, msika womwe makampani amagula mwakufuna kwawo, izikhala ndi LoA. Kampani yongofuna kuonetsa kuti yathandizapo pa za nyengo ikugulabe makirediti opanda kalata mpaka lero. Kalata imafunika kirediti ikamakawerengedwa pa NDC ya dziko lina, lonjezo lake lochepetsa mpweya woipa, monga imachitira Switzerland, kapena ikamapita kwa a ndege pansi pa CORSIA, ndondomeko yolipirira utsi wa ndege zouluka pakati pa maiko. Gawo loyamba la CORSIA ndi la 2024 mpaka 2026, ndipo makirediti ovomerezeka kumeneko ndi ochepa, n'chifukwa chake aliyense wayamba kusakasaka makalata. Afunseni kaye kuti akukagulitsa kwa ndani. Akati a ndege, dziwani kuti akufuna agule kwa inu pa mtengo wakale, akagulitse pa mtengo wapamwamba, chintchito ndi ziphaso zonse zili pamutu panu. Kirediti ya LoA ndi katundu wina, mtengo wake ukambidwe mwatsopano.

Aphiri a Sikelo

Musanathamangire kalata, fNRB yanu, nambala yosonyeza gawo la nkhuni zodulidwa zomwe sizibwereranso m'tchire, ndi zingati? Maprojekiti ambiri akale kuno analembetsa ndi nambala ya m'ma 0.8 kapena kuposa apo. Nambala imeneyo masiku ake atha. Ikatsika kuchoka pa 0.8 kufika pa 0.4 matani anu atsika ndi pafupifupi theka, mbaula zomwezo, makomo omwewo. Ndiye mukalemba mu addendum kuti mupereka matani akutiakuti okhala ndi LoA, mukulonjeza zomwe mulibe. Konzani kaye manambala.

Wambaula

Aphiri, fNRB yathu inavomerezedwa pa registration, odita waionanso n'kuidutsitsa. Period iyi yatha kale. Ine ndikufunsa za addendum.

Aphiri a Sikelo

Odita amaona ngati mwatsata methodology, njira yowerengera matani, yomwe munalembetsa, saona ngati msika udzakugulani. Chiyambire Januwale 2024, pomwe ofufuza a ku Berkeley anatulutsa zoti makirediti a mbaula anali ochulukitsidwa pafupifupi ka 9, ogula aliyense akuopa kunyazitsidwa m'manyuzi. Mu Malichi 2025 a ICVCM, bungwe loona ubwino wa makirediti a pa voluntary market, anavomereza ma methodology atatu okha a mbaula, komanso ndi zoyenera kutsata: fNRB yowerengedwa mwatsopano, nkhuni zoyesedwa ndithu osati zongofunsa pakamwa, ndipo kwa a makala, makilo 4 a nkhuni pa kilo imodzi ya makala m'malo mwa 6. Inu muli pa version iti? Mutha kukhetsa thukuta kupeza kalata, kenako n'kumva kuti vintage yanu, chaka chomwe matani anu anachepetsedwa, kapena methodology yanu siyikulowa n'komwe ku CORSIA. Tsegulani mndandanda wa ICAO, bungwe la za ndege loyendetsa CORSIA, muone nokha musanapite ku Lilongwe.

Anachisale

Za mndandanda wa ICAO Aphiri akunena zoona, yambirani pamenepo. Koma ndiwonjezerepo za kalatayo, chifukwa ambirife timaitenga ngati chidindo chongodinda. Boma likasaina LoA ndiye kuti lavomera kuti matani amenewo silidzawawerenga ngati ake. Malawi mu NDC ya 2021 analonjeza kuchepetsa mpweya ndi 51 peresenti pofika 2040, koma 6 peresenti yokha ndi ya mphamvu zake, yotsalayo ikudalira thandizo lakunja. Tani iliyonse yomwe yapita kunja ndi chilolezo imabwezeredwa m'mabuku a dziko ngati utsi womwe sunachepe. Mbaula ndi imodzi mwa njira zotchipa zochepetsera mpweya, ndiye dziko likagulitsa zotchipa zonse lidzatsala ndi zodula kuti likwaniritse lonjezo lake. Amene akusaina ayenera kuganiza kawiri, ndipo akulondola kutero. N'chifukwa chake simungalonjeze ogula tsiku lomwe kalata idzatuluke. Cholembera sichili m'manja mwanu.

Chinanso, kalata ili ndi zamkati. Itchule dzina la projekiti, zaka za vintage, ntchito yomwe makirediti akukagwira, komanso first transfer, nthawi yomwe kirediti imatengedwa kuti yachoka m'manja mwa dziko, ikuwerengedwa pati, pa authorisation, pa issuance kapena pa cancellation. Ku Baku anagwirizana kuti boma likasintha chilolezo, kusinthako sikukhudza makirediti omwe adutsa kale first transfer, pokhapokha kalatayo payokha itanena zina. Ndiye kachiganizo kamodzi ka m'kalatamo kangakuponyeni kutali. Ndinaonapo kalata ina yokongola ndithu, ya chidindo ndi siginecha, yomwe imangoti boma silikutsutsa projekiti. Eni ake anaitumiza kwa ogula akusangalala, ogula n'kuibweza tsiku lomwelo. No objection si LoA.

Wambaula

Anachisale zikomo, koma ndiye amayiwa ndiwauze chiyani? Sukulu zikutsegulidwa, akufuna za fizi. Ogula akachoka ndigulitsa kuti?

Mlangizi wa ku Dedza

Pepani kulowerera akuluakulu, koma zimene Aphiri akunenazi ife a m'fildi timaziona ndi maso. Chaka china tinapita ndi odita kumudzi wina mwezi wa Juni, kuzizira kwa ku Dedza mukukudziwa. Pakhomo loyamba mayi anatilandira bwino, natilozera mbaula pakona ya khitchini. Mbaula yoyera bwino, yopanda mwaye ndi pang'ono pomwe, mkati mwake muli nkhuku ikukhalira mazira. Pakati pa khitchini mafuwa atatu ali gwa, phulusa likadali lotentha, ana azungulira akuwotha. Odita sanafunse kanthu, anangogwada n'kukhudza phulusa lija ndi chala, n'kujambula. Mu database yathu khomo limenelo linali in use. Mayiwo sananame, anati mbaula amaikonda nthawi yotentha, koma Juni ndi Julaye moto wa mbaula sufunditsa nyumba. Ndipo mphika wa thobwa, wa pamaliro, kapena wa madzi osamba banja lonse, umenewo umakhala pa mafuwa chaka chonse. Stacking, kuphikira mbaula ndi mafuwa pomwe, ilipo m'makomo ambiri, fomu yofunsa kuti mumagwiritsa ntchito mbaula, eya kapena ayi, siyingaigwire.

Aphiri a Sikelo

Mwamva? N'zimene ndikunena. Pangani KPT yeniyeni, kuyesa pa sikelo nkhuni zomwe banja likugwiritsa ntchito, masiku atatu pakhomo lililonse, sikelo yolendewera ndi moisture meter, baseline ndi project yomwe. Mukakhala ndi manambala oti mungawaikire kumbuyo, kalata idzapezeka, ogula adzapezeka. Popanda zimenezo LoA ikungokuikani poyera, chifukwa kirediti ya Article 6 imayang'anidwa ndi maso ambiri kuposa ya voluntary.

Mlangizi wa ku Dedza

KPT nayo ili ndi misampha yake bwana. Mukaipanga anthu atangokolola mupeza nkhuni zochepa chifukwa akusonkhezera zitsononkho ndi mapesi, ndipo ku Balaka kwanuko mitengo ya nandolo. Mukaipanga mu Febuluwale nkhuni ndi zonyowa, zimalemera. Komanso mukangofika ndi sikelo anthu amasintha kaphikidwe. Ena amaganiza kuti wotentha zochepa alandira mphoto, ndiye nyemba amakaphikira kwa aneba. Ena amaganiza kuti tikuwerenga kuti tidzawagawire nkhuni, ndiye amasonkha moto tsiku lonse. Tsiku loyamba ine sindilikhulupirira. Ndipo ma enumerator musawasiye okha, wina anatibweretsera mafomu a makomo osiyana, onse kulemera kofanana mpaka pa decimal, GPS yonse ikuloza pansi pa mtengo umodzi wa mango pa trading centre.

Wa ku Harare

Moni kwanuko. Ine ndagwira pa mawu oti zolipira zonse za kalata ndi zanu. Musavomere chiganizo chimenecho chili chotseguka choncho. Kuno mu Meyi 2023 boma linalengeza kuti litenga theka la ndalama za makirediti, msika wonse unanjenjemera. Pofika Ogasiti chaka chomwecho malamulo anatuluka ndi 30 peresenti. Amene anasaina makontirakiti oti msonkho uliwonse wa boma ndi wa wogulitsa analira okha, ogula ali phee. Sindikunena kuti kwanu zichitika chimodzimodzi, koma dziko lililonse lili ndi ufulu woika gawo lake ndipo lingalisinthe. Lembani kuti zolipira zikapitirira mulingo wakuti mugawana, kapena mtengo ukambidwanso. Onaninso amene akulipira inshuwalansi ya double claiming, yoteteza kuti tani imodzi isawerengedwe ndi boma komanso ndi a ndege, chifukwa ku CORSIA amafuna chitsimikizo choti boma likapanda kuonetsa adjustment mu BTR, lipoti lomwe boma limapereka ku UN, wina abweza makirediti. Lipoti limenelo limatuluka patapita zaka, inu ndalama mutadya kale. Addendum yanu ikuti wobwezayo ndi ndani?

Anambewe

Funso limenelo ndi lalikulu, liwerengeni bwino achimwene. Za amayi, musawapatse tsiku. Auzeni zoona kuti ogula asintha mawu ndipo mukukambirana, kudzera kwa atcheya a magulu, pamaso osati pafoni. Ngati muli ndi kangachepe ku akaunti lipirani mbaula zomwe anaumba kale, imeneyo ndi ntchito yomwe agwira, isadikire kaboni. Bonasi ya kaboni ndiyo idikire. Kusaina addendum chifukwa cha fizi kuli ngati kugulitsa chimanga chikadali m'munda mwezi wa njala, vendayo amadziwa kuti mwapanikizika.

Ndipo ERPA yakale ikadali ndi mphamvu. Ngati mulibe za LoA, okana kulandira katundu ndi iwo, ophwanya pangano ndi iwo. Onani clause ya change in law ndi ya governing law, ambiri amalemba malamulo a ku England ndi arbitration ku London, komwe inu simungafike. Iwo akudziwa zimenezo. Pezani loya woti anaonapo ERPA, osati wa milandu ya malo. Muyankheni ogula mwaulemu kuti mwalandira, mukuunika, ndipo mukupempha kuti period yathayi ilipiridwe pa pangano lakale, za LoA zikhale za ma vintage akutsogolo pa mtengo watsopano. Pafoni musavomere kanthu.

Anachisale

Chenjeraninso ndi madobadoba. Nkhaniyi ikangomveka akupezani anthu a majekete oti amadziwana ndi akuluakulu, kalata ituluka pa sabata ziwiri mukawapatsa peresenti. Pitani nokha ku Environmental Affairs, lembani kalata yanu, sungani kope yodindidwa. Kalata yobwera panjira yokhota ogula akadzapanga due diligence mudzataya zonse, projekiti ndi dzina lomwe. Ndipo amene akuganiza zosamukira ku 6.4, msika woyang'aniridwa ndi UN, aziwerengeratu kuti pa makirediti 100 aliwonse, 5 amapita ku Adaptation Fund, 2 amafafanizidwa, zimenezo anagwirizana ku Glasgow mu 2021. A maprojekiti a CDM, msika wakale wa UN, omwe sanapemphe kusamukira ku 6.4 pofika kumapeto kwa 2023 sitima inawasiya.

Mlangizi wa ku Dedza

Chimandiwawa ine n'chakuti malamulo onsewa akugwera mayi woumba dongo. Ku Baku komweko maiko olemera analonjeza madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035, pomwe chofunika chinanenedwa kuti ndi 1.3 thililiyoni. Gulu la maiko osaukitsitsa, lomwe Malawi ankalitsogolera, linachita kutuluka m'chipinda chokambirana. Freddy anatipha mu Malichi 2023, anthu a ku Phalombe ndi ku Chilobwe sanaiwale. Koma ikafika pa mbaula ya dongo akufuna umboni wa kilo iliyonse ya nkhuni.

Aphiri a Sikelo

Kuwawa ndikukumva, koma umboniwo akuufuna chifukwa anzathu ena anakokomeza manambala ndipo anagwidwa. Tonse tikulipira. Njira yotulukira ndi sikelo basi. Wambaula sanandiyankhebe version ya methodology, sanandiuzenso usage rate yomwe analemba, gawo la mbaula zomwe akuti zikugwiritsidwabe ntchito. Ngati ili pamwamba pa 90 peresenti pa mbaula zadongo za zaka zitatu, zomwe zina zinasweka kale, ogulawo aona, ndipo mwina LoA ndi khomo longotulukira. Ogula wofunadi katundu sapereka sabata imodzi.

Anambewe

Aphiri tamva, mwanena kokwanira. Munthuyu ali ndi pepala loti ayankhe pofika Lachisanu, KPT siyitha pofika Lachisanu.

Aphiri a Sikelo

Siyitha, n'chifukwa chake asasaine matani omwe sanayese.

Wa ku Chipata

Ndafika mochedwa. Ife kuno vuto lathu ndi lina, maprojekiti awiri agawa mbaula m'midzi yomweyo, khomo limodzi lili ndi yadongo ya ife ndi yachitsulo ya anzathu, onse tikuliwerenga. Ma serial number omwe tinadinda padongo lisanawotchedwe ambiri afufutika ndi mwaye. Amene mukugwiritsa ntchito QR, mukumata pati kuti isapse, pakhoma la khitchini kapena pa khadi la mwini nyumba? Nanga odita akuvomera ya pakhoma banja likasamuka?