Anthu anabwera kutsogolo ambiri koma ku kalasi sakuoneka, tinalakwitsa pati?

Mnyamata wa pa Lizulu:
Abale mwa Ambuye ndithandizeni maganizo. Mu Ogasiti ife achinyamata a mpingo wathu tinakachititsa chitsitsimutso pamudzi wina kuseri kwa Lizulu, masiku atatu, tinabwereka jenereta ndi masipika, kwaya inaimba mpaka mawu kusasa. Usiku womaliza mlaliki ataitana anthu anabwera kutsogolo ambiri, ine ndi amene ndimalemba mayina mu kope, anakwana 46, ena akulira, bambo wina anakhuthulira pansi botolo la kachasu tonse tikuona. Koma pano miyezi iwiri yatha amene akubwera ku kalasi yokonzekera ubatizo ndi anayi basi. Bambo aja ndinawaona tsiku la msika atasenza thumba la kachewere, atandiona anakhotera kuseri kwa mabenchi. Mtima ukundiwawa. Kodi anthuwa anatembenukadi mtima kapena anangotengeka ndi nyimbo?

Mayi wa Chigwirizano, Linthipe:
Mwana wanga, chichokereni kumudziko mwabwererako kangati? Ndikufunsa chifukwa munthu akadzuka pa mkeka nkubwera kutsogolo mawa lake amadzuka m'nyumba yomwe ija, anzake a pa mowa omwe aja, ngongole ya feteleza yomwe ija, inu nkuti mutanyamula masipika anu mwapita. Alamu anga anali a gule wamkulu, uthenga anaumva kambirimbiri ndipo amavomera ndithu kuti ndi zoona, koma chimene chimawagwira mwendo ndi funso loti ndikatuluka ku dambwe maliro anga adzaimba ndani. Akazi awo atadwala ife amayi timapita Lachinayi lililonse tikaweruka, wina kutunga madzi, wina kusesa, wina kuphika phala, tikatha nde pemphero lalifupi, alamu angokhala pa khonde osayankhula. Zinatenga zaka zitatu, tsiku lina anangofunsa okha kuti kalasi imayamba liti. Nde bambo a kachasuwo musawaweruze, akukuzembani chifukwa cha manyazi, munthu amene mawu sanamukhudze sachita manyazi.

Mkatekisi wa ku Bembeke:
Ine ndine Mkatolika koma nkhaniyi ndi ya tonse. Achimwene, taonani mmene uthenga unalowera kwathu kuno. Ansembe a Montfort anafika pa Nzama ku Ntcheu mu 1901, a White Fathers pa Mua mu 1902, ndipo sanabwere masiku atatu ayi, anamanga nyumba nkukhala, kuphunzira chiyankhulo, kutsegula masukulu, kutsuka zilonda za odwala, ena manda awo ali konkuno. Kwa a White Fathers munthu amakhala zaka zinayi akuphunzira asanabatizidwe. Kumbali yanu ya a CCAP nakonso, Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922 pomwe mishoni ya Mvera inayamba mu 1889, werengani nokha zaka zimene a William Murray ndi anzawo, pamodzi ndi aphunzitsi akuda, anapirira kuti mawu amveke m'Chinyanja. Komanso pitani ku Mua mukaone ku Kungoni, malo osungira chikhalidwe amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, iwo anayamba kaye kumvetsera miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao asanayankhulepo. Ife masiku ano timafuna zokolola sabata yomweyo. Kwathu chimene chimasunga anthu ndi mphakati, mabanja ochepa oyandikana kukumana pakhomo pa mnzawo mkati mwa sabata, wina akasowa mawa lake afunsidwa. Mateyu 28 akuti phunzitsani anthu a mitundu yonse, kuphunzitsa sikutha usiku umodzi.

Mtsikana wa ku Tsangano:
Zoona zonsezo koma chonde tisanyoze zitsitsimutso, ine ndinalandira Yesu pa msonkhano ngati womwewo ndili Fomu 2 ndipo mpaka lero ndilipo. Pa Mateyu 13 wofesa anafesa paliponse, zina pa njira zina pa miyala, anayiwo ndi anthu a Mulungu, asamaleni. Chondidandaulitsa ine nchakuti anthu azolowera za pa foni ndi pa TV zoti ukangobwera kutsogolo matenda atha ndalama zibwera, nde akaona kuti tomato wavundabe m'dimba amati sizinagwire. Tiziwauza chilungamo kuti kutsata Yesu kuli ndi mtanda wake. Chinanso nyengo ino anthu amakhala kudimba kuthirira kuyambira mbandakucha, kalasi ya 8 koloko m'mawa mtunda wa makilomita angapo ndi yovuta, bwanji osakaphunzitsira pamudzi pomwepo madzulo?

Mnyamata wa pa Lizulu:
Amayi a ku Linthipe funso lanu landilasa, tinabwererako kamodzi kokha ndiponso kunali kukabweza mabenchi a pasukulu. Kope lija ndili nalo pano. Ndayankhula ndi akulu ampingo avomera kuti tipite awiriawiri Loweruka masana, tikayambira kwa a mfumu kenako khomo ndi khomo, za kalasi ya madzulo ndikazitula ku komiti Lamlungu. Ine ndapempha kuti andipatse khomo la bambo aja, akakhala ali kudimba ndikawapeza konko, khasu ndinyamula langa.