Za mwana wa achemwali anga uja, pomwe nkhani yafika

Ndinafunsa kuno kuti ndimuthandize bwanji mwana wa achemwali anga, amene anabadwa mwamuna koma amadzimva kuti ndi mkazi, ndipo anasiya kupita kutchalitchi kwathu ku Mchinji. Zikomo nonse amene munayankha, ngakhale ena munangotukwana.

Ambiri munati ndikaonane ndi abusa. Ndinapitadi. Anandilandira bwino, nati khomo la tchalitchi satsekera munthu, koma za mgonero ndi kwaya sangagamule okha popanda akulu ampingo.

Chomwe chikuvuta kwambiri ndi pokhala. Kwathu azibambo amakhala mbali yawo, azimayi yawo. Akakhala kwa azimayi, manong'onong'o amayamba nyimbo yoyamba isanathe. Kwa azibambo, mwiniwakeyo mtima sumulola. Pamaliro n'chimodzimodzi: azimayi m'nyumba ya siwa, azibambo panja pamoto, iye n'kumangozungulira kukhitchini.

Mantha aliponso. Mu July 2023 atsogoleri a mipingo ndi Asilamu anachita zionetsero zokana maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuthetsa malamulo oletsa kugonana kotere, pamlandu womwe mmodzi mwa odandaula anali Jana Gonani, munthu ngati mwana wa achemwali angayu. Kumudzi anthu sasiyanitsa nkhanizi, amangoziphatikiza.

Pakadali pano amabwera ku mapemphero a Lachitatu kwa agogo ake, komwe tonse timakhala pamphasa mosasankhana. Agogo anangoti, "Nyimbo azitsogolera mdzukulu wangayu," ndipo palibe anatsutsa. Lamulungu sanayambebe kupita. Inu amene wachibale wanu anabwerera kutchalitchi, za pokhalazi munazikonza bwanji?